Manachesi, mandimu ndi gasi: chakumwa cha brunch chomwe aliyense angamwe

Kuyambira kumapeto kwa Epulo mpaka cha mu Ogasiti, msika wa Mitundu umanunkhira manachesi. Pa Nathenje naponso, m'mbali mwa msewu wa M1, milu ya zipatsozi imakhala itayalidwa pafupi ndi tomato ndi mbatata, ogulitsa n'kumathamangira nazo pa mawindo a minibasi. Manachesi otchuka ndi a ku Mwanza, boma lomwe linadziwika ndi chipatsochi kuyambira kale. Mandimu ndiye osanena, pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi mtengo wake kuseri kwa nyumba ya winawake, ndipo ena amangoyoyokera pansi osatoledwa. Chodabwitsa n'chakuti tikaitana anzathu kudzacheza Loweruka m'mawa, timadutsa milu yonseyi n'kukanyamula kireti ya zakumwa za m'botolo zolembedwa kuti "orange".

Macheza amenewa masiku ano akutchedwa brunch. Mawuwa anayamba kulembedwa ku England cha m'ma 1895, ndipo amatanthauza chakudya chophatikiza kadzutsa ndi nkhomaliro. Kuno afika kudzera pa foni. Ophunzira a ku Bunda, aphunzitsi achinyamata, anamwino, ndi anzathu omwe amagwira ntchito m'tauni koma amagona kunja kuno, amagwirizana pa gulu la WhatsApp: uyu abweretsa mandasi, uyu mazira, wina tchipisi, wina chigumu. Agogo athu atamva akhoza kuseka, chifukwa iwo brunch anayamba kalekale. Kubwera ku munda cha m'ma 10 koloko, n'kukhala pansi ndi mbatata yophika ndi chikho cha thobwa, si brunch imeneyo?

Amene wapatsidwa gawo la zakumwa ndiye amakanda mutu. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kireti si chinthu chongogula osaganiza kawiri. Sobo wosungunula amathandiza thumba, koma alibe kuthetheka kuja komwe kumapangitsa munthu kumva kuti wabwera pa chisangalalo. Ndiye ambiri ayamba kufufuza momwe angapangire okha chakumwa cha gasi kuchokera ku zipatso. N'zotheka, ndipo sizovuta. Koma pali pamodzi pomwe mavidiyo ambiri a pa TikTok amadumpha, ndipo ndi pomwe pagona nkhani.

Gasi amachokera kuti?

Tinthovu tomwe timathetheka mu Fanta kapena Cocopina ndi mpweya wa carbon dioxide, womwewu timatulutsa popuma. Ku fakitale amaukankhira m'madzi ozizira ndi mphamvu ya makina n'kutseka botolo msanga. Luso limeneli ndi lakale ndithu. Joseph Priestley anapeza njira yolowetsa mpweyawu m'madzi ku Leeds mu 1767, ndipo Johann Jacob Schweppe anayamba kupanga madzi oterewa kuti azigulitsa ku Geneva mu 1783. Dzina lake mpaka lero likadali pa mabotolo a Schweppes.

Pakhomo tilibe makina amenewo, choncho gasi tingamupeze m'njira zitatu: kugula soda water, kuthira soda wophikira m'madzi a mandimu, kapena kusiya yisiti kuti igwire ntchito yake. Njira yachitatuyi ndi yomwe yatchuka pa intaneti. Amati sakanizani jinja, shuga ndi madzi, muzidyetsa tsiku ndi tsiku mpaka ziyambe kuwira, kenako muthire mu juwisi, mutseke botolo masiku awiri kapena atatu. Mukatsegula, psiii! Ndipo pansi pa vidiyo alemba kuti mulibe mowa.

Mowa ulimo. Yisiti ikamadya shuga imatulutsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, gasi ndi mowa, ndipo pa kulemera zimatuluka pafupifupi mofanana. Pa magalamu 180 a shuga wa mtundu wa glucose pamatuluka magalamu 88 a gasi ndi magalamu 92 a mowa. Chakumwa chothetheka ngati cha m'sitolo chimakhala ndi magalamu 6 mpaka 8 a gasi pa lita. Kuti yisiti ikupatseni gasi wochuluka choncho, ikupatsaninso mowa woyandikira 1 peresenti. Ndiye pali langizo lija loti muzitsegula botolo pang'ono tsiku lililonse kuti lisaphulike. Langizo labwino, koma taonani chomwe chimachitika: gasi amatuluka, mowa umatsalira, yisiti n'kuyambiranso. Masiku akamapita mowa umakwera, ndipo m'nyengo yotentha ngati Okutobala umakwera mothamanga. Palibe amene ali ndi choyezera kukhitchini kwake.

Izi sizachilendo kwa mwana wa ku Lilongwe. Tonse tikudziwa kuti thobwa la lero ndi la ana omwe, koma likagona masiku angapo limayamba kuluma lilime, ndipo amayi amalichotsa pamaso pa ana. Yisiti yomwe imasintha thobwa ndi yomweyo ikuwira mu botolo la jinja.

Tinene zoona, 1 peresenti singagwetse munthu wamkulu. Carlsberg Green ili ndi mowa woposa pamenepo kangapo. Koma tayang'anani amene akhala pa mkeka wanu. Pali mlamu wanu woyembekezera. Pali ana awiri omwe abwera ndi amayi awo ndipo amwa matambula atatu aliyense chifukwa n'chotsekemera. Pali mnzanu wachisilamu, wina wa Seventh Day, wina wa CCAP, ndipo kuno Sinodi ya Nkhoma, yomwe likulu lake silili kutali ndi Nathenje, nkhani ya mowa siisekerera. Mwinanso pali wina amene anasiya kumwa movutikira ndipo sanauze aliyense. Anthu onsewa akamva inu mukuti "imwani, mulibe mowa", amakukhulupirirani osafunsanso. Kwa ine, chakumwa cha yisiti chili ndi malo ake, ndipo chimakoma, koma wopereka anene poyera kuti chinawira. Ngati mwalonjeza chosaledzeretsa, gasi wanu achokere mu soda water.

Wina afunsa, nanga soda wathu wa therere? Amagwiradi ntchito. Kansonga ka supuni yaing'ono mu tambula ya madzi a mandimu kamawira nthawi yomweyo, mowa mulibe ngakhale dontho. Vuto n'lakuti thovu lake limatha musanafike pakati pa tambula, ndipo mukangowonjeza pang'ono chakumwa chimamveka mchere ndi kafungo ka sopo. Supuni yaing'ono imodzi ya soda ili ndi sodium woposa mamiligalamu 1,200, pomwe bungwe la WHO limalangiza munthu wamkulu kuti asafike 2,000 pa tsiku, ndiye kwa a BP si chinthu chobwerezabwereza. Ndi njira yosangalatsira ana tsiku limodzi, osati ya alendo khumi. Chenjezo limodzi lokha: soda wa paketi wolembedwa bicarbonate of soda ndi wosiyana kotheratu ndi caustic soda wopangira sopo. Winayu amawotcha kukhosi ndipo asayandikire chakudya.

Soda water ali ndi kavuto kake. M'magolosale a pa Mitundu ndi pa Nathenje mupeza Fanta, Coke ndi Frozy mosavuta, koma iyeyu nthawi zambiri amapezeka m'masitolo akuluakulu a m'tauni kapena ku bottle store. Inde, zimachitika kuti mtsikana wa kwaya alowe ku bottle store kukagula zopangira chakumwa chosaledzeretsa, anthu n'kumamuyang'ana. Tumani mchimwene, kapena gulirani m'tauni Lachisanu. Werengani botolo bwinobwino, chifukwa tonic water amafanana naye maonekedwe koma ali ndi shuga ndi quinine, ndipo amawawa. Zikavutiratu gwiritsani ntchito Sprite, koma pamenepo musathirenso shuga wina.

Kusankha zipatso

Musanyozere lalanje chifukwa ndi lobiriwira. Khungu la lalanje limasintha mtundu chifukwa cha kuzizira kwa usiku, osati chifukwa cha kupsa kokha, n'chifukwa chake malalanje a kumadera otentha amatha kukhala obiriwira kunja koma mkati ali otsekemera bwino. Chofunika ndi kulemera. Nyamulani awiri ofanana kukula, tengani lolemeralo, ndilo lili ndi madzi. Manachesi omwe khungu lake lafufuma n'kulekana ndi mkati amasendeka mosavuta, koma kawirikawiri amakhala atayamba kuuma. Ofinya ndi omwe khungu lagwira. Ogulitsa ambiri salimbalimba mukapempha kulawa limodzi musanagule mulu, ndipo mukagula milu itatu musachite manyazi kupempha basera.

Mandimu athu a kumudzi, a khungu lokhakhala aja, ali ndi nthanga zambiri ndipo madzi ake ndi ocheperapo poyerekeza ndi osalala a m'sitolo. Koma fungo la khungu lake ndi lamphamvu, ndipo fungo limenelo ndi lomwe tikulifuna.

Za anthu khumi, konzani manachesi 12, malalanje 5, mandimu 4, theka la kapu ya shuga, jinja wotalika ngati chala chachikulu, ndi malita awiri a soda water. Zipatsozi zikupatsani juwisi wokwana pafupifupi lita imodzi. Akapitirira kapena kuperewera pang'ono palibe mlandu, muyezo woti musunge m'mutu ndi gawo limodzi la juwisi pa magawo awiri a soda water.

Ntchito ya usiku ndi ya m'mawa

Usiku wake, tsukani zipatso zonse ndi madzi abwino. Tengani mandimu awiri ndi lalanje limodzi, musende khungu lakunja lokha mopyapyala kwambiri, osafika pa choyera cha mkati chija chifukwa ndicho chimawawa. Ikani makokowo m'mbale, thiranipo shuga uja, mutikite ndi supuni, muvindikire. Pakatha maola angapo mupeza shuga wanyowa ndipo akununkhira. Wakoka mafuta a m'khungu, omwe aja amakulowani m'maso mnzanu akamasenda nachesi pafupi nanu mu minibasi. Apa ndi pomwe chakumwa chanu chisiyanire ndi cha m'botolo. Musalumphe gawo limeneli.

Kenako wiritsani theka la kapu ya madzi pamodzi ndi jinja wosinja kwa mphindi zisanu. Ngati pakhomo pali lemon grass, udzu uja ambiri timathira mu tiyi, ponyanimo masamba awiri. Phulani, thirani madzi otenthawo pa shuga ndi makoko, mutakase mpaka shuga asungunuke, musefe, muziziritse. Bwanji osangothira shuga wa mchenga mu tambula? Chifukwa kanjere kalikonse ka shuga kamakhala poyambira tinthovu. Mukathira shuga wouma mu chakumwa cha gasi chimafufuma nthawi imodzi n'kusefukira, ndipo chotsalacho chimakhala chakufa. Aliyense amene anayesapo kuthira shuga kapena mchere mu Coke ali mwana akudziwa zomwe ndikunena.

Zipatso finyani m'mawa wa tsikulo, osati usiku. Mu zipatso za mtundu wa malalanje muli kanthu komwe sikawawa chipatso chikadali chathunthu, koma mukangofinya kamayamba kusanduka limonin, yemwe amawawa, ndipo pakatha maola angapo juwisi amasintha kukoma. Si malalanje onse amachita izi mofanana, koma simungadziwe mwagula ati. Gubuduzani chipatso chilichonse pa tebulo ndi chikhatho musanadule, madzi amatuluka ambiri. Finyani ndi manja kapena kachofinyira ka pulasitiki. Blender ayi, imaphwanya nthanga ndi zoyera zija n'kulowetsa kuwawa konse. Sefani kawiri, chifukwa tizinyenyeswa ta chipatso timathamangitsanso gasi monga shuga wouma.

Juwisi musamusunge mu poto wa aluminiyamu, makamaka mapoto osula omwe timagula pa msika. Asidi wa mandimu amadya chitsulo chimenechi ndipo chakumwa chimamveka chitsulo. Jagi ya pulasitiki kapena ya galasi ndi yokwanira. Sakanizani juwisi ndi madzi a shuga aja pang'onopang'ono, mukulawa. Pa nthawi imeneyi ayenera kumveka wotsekemera ndi wowawasa mopitirira pang'ono, poti soda water adzachepetsa zonse ziwiri. Kamchere kotsina ndi zala ziwiri mu jagi yonse kamadzutsa kukoma.

Madzi ndi ayisi

Apa ndiye tisaseke. Mliri wa kolera womwe unayamba ku Machinga mu Malichi 2022 unadwalitsa anthu pafupifupi 59,000 n'kupha oposa 1,700, woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri ya dziko lino, ndipo Lilongwe inali m'gulu la maboma omwe anakhudzidwa kwambiri. Tikukumbukira kuti mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha matendawa. Kuno ambiri timamwa madzi a pa mjigo ndi pa chitsime, ndipo ngakhale mjigo uli wabwino, madzi amatha kuipira mu ndowa ndi m'kapu yotungira.

Pali zikhulupiriro ziwiri zomwe zimapusitsa anthu ophunzira omwe. Choyamba n'chakuti madzi akaundana tizilombo timafa. Sitimafa tonse, ayisi wopangidwa ndi madzi oipa ndi madzi oipa basi. Chachiwiri n'chakuti mandimu amayeretsa madzi. Asidi wa mandimu amavutitsadi tizilombo ta kolera akakhala wamphamvu, koma mu tambula yosungunula yodzaza ayisi simungamudalire, ndipo pali tizilombo tina totsegula m'mimba tomwe sitimuopa. Ayisi pangani nokha ndi madzi omwe mwawiritsa mpaka kubwadamuka kwa mphindi yathunthu, kapena omwe mwathira WaterGuard n'kudikira mphindi 30. Chibuluma cha ayisi chogula kwa a mafilizesi kapena a nsomba ndi chabwino kuziziritsira mabotolo mu cooler box, koma chisalowe mu tambula ya munthu.

Ubwino wina wa soda water ndi umenewu: amabwera wotseka kuchokera ku fakitale, ndiye magawo awiri mwa atatu a chakumwa chanu simukuwadera nkhawa.

Ngati muli ndi filiji, thirani juwisi pang'ono m'timapulasitiki topangira ayisi m'malo mwa madzi. Akamasungunuka chakumwa sichisukuluka. Magetsi akazima usiku, musatsegulenso filiji mpaka m'mawa. Kwa amene alibe filiji, njira ya amayi ikadalipo: mabotolo mu mtsuko wa madzi pa mthunzi, kapena kuwakulunga ndi chiguduli chonyowa n'kuwaika podutsa mphepo. M'mawa wa mu Juni kuno ku Lilongwe, kuzizira kwake kumakuthandizani theka la ntchito.

Kuzizira si nkhani ya kukhosi kokha. Madzi ozizira ngati a mu filiji amasunga gasi wochuluka pafupifupi kawiri poyerekeza ndi madzi omwe akhala pa tebulo masana. Soda water wofunda mukangomutsegula, gasi wambiri wathawa kale musanathire.

Pothira

Cholakwa chomwe chimaononga ntchito yonse ndi kusakaniza zonse mu ndowa 9 koloko alendo akubwera 11. Pofika nthawiyo muli ndi Sobo wodula. Jagi ya juwisi ikhale payokha, mabotolo a soda water akhale otseka mu cooler box. Munthu akafuna kumwa, ayisi ayambe, juwisi gawo limodzi mwa atatu a tambula, kenako pendeketsani tambula n'kuthira soda water motsetsereka m'mbali mwake. Takasani kamodzi kokha, mofatsa. Ngati mungasankhe, mabotolo ang'onoang'ono amaposa chibotolo chimodzi chachikulu, chifukwa mumatsegula limodzi likatha linzake. Kagawo ka nachesi kapena tsamba la minti pamwamba ndi za chithunzi cha pa status, ndipo palibe choipa pamenepo.

Kunena za shuga, tisadzinamize kuti poti ndi zipatso ndiye timwe mopanda malire. Tambula imodzi ya chakumwachi ili ndi shuga wokwana masupuni ang'onoang'ono pafupifupi asanu mukaphatikiza wothira ndi wa m'zipatso. Botolo la Coke la mamililita 300 lili ndi pafupifupi asanu ndi atatu. WHO, m'malangizo ake a 2015, imati munthu wamkulu asapitirire masupuni pafupifupi 12 pa tsiku, ndipo shuga wa mu juwisi imamuwerengera momwemo. Kusiyana kwenikweni n'kwakuti pano supuni ili m'manja mwanu. Manachesi akakhala otsekemera bwino, shuga mutha kumudula ndi theka osamva kusintha. Ngati pali mlendo wa matenda a shuga, patulani juwisi pang'ono musanathire madzi a shuga, mumupatse wochepa ndi soda water wambiri. Ndipo ngati mwaganiza zowonjezera grapefruit kuti zimveke zachizungu, funsani kaye, chifukwa chipatso chimenechi chimasokoneza mankhwala ena a BP ndi a mafuta a m'magazi.

Nyengo ya manachesi ndi yaifupi, ndipo imatha nthawi yolakwika. Pofika Okutobala, pomwe kukhosi kumauma zenizeni, milu ija pa Nathenje yasowa, ndipo malalanje omwe atsala ndi odula. Mandimu okha ndi omwe amapezekabe, ndiye njira ndi yomweyi koma shuga awonjezekeko pang'ono. Bwemba wonyika m'madzi owiritsa n'kusefa amagwirizana bwino ndi mandimu ndi jinja, ndipo chidede chimapereka mtundu wofiira womwe anthu amafunsa kuti mwagula kuti. Amene ali ndi filiji yodalirika angathe kufinya manachesi mu Julayi ali otchipa n'kuumitsa juwisi tsiku lomwelo m'mabotolo apulasitiki otsuka bwino. Osadzaza mpaka pakamwa, siyani mpata wa zala zitatu, chifukwa juwisi akaundana amafufuma n'kung'amba botolo.